Sindifuna Kuzolowera

Pali mawu amene ndawamva kawirikawiri koposa moni chibwerereni kwathu ku Bwanje, nditatha zaka zinayi ndili pa maphunziro mumzinda wa Roma. Mawuwo ndi akuti, "Muzolowera, Bambo." Adandiuza ndi woyendetsa galimoto amene adadzanditenga ku bwalo la ndege. Adandiuzanso ndi mayi anga ondibala, ndipo pambuyo pake anzanga amene ndidaphunzira nawo adabwereza omwewo. Onsewa adalankhula mwachifundo, monga momwe timalimbitsira mtima wodwala malungo kuti mawa adzuka. Komabe ine ndatenga cholembera kuti nditsutse mawu amenewa poyera, pakuti ndaona kuti m'kati mwake muli nthenda imene ikudya chigwa chathu koposa chilala ndi ntchemberezandonda.

Ndiyambe ndi za panjira. Titachoka ku Lilongwe tidadzera ku Dedza, ndipo pa Masasa tidakhotera kumanzere kutsika msewu wokhotakhota uja wa Khwekhwelere. Aliyense amene adatsikapo pamenepo akudziwa mmene chigwa chimatambasukira pansi pa munthu, nyanja nkumaoneka chapatali ngati nsalu yoyanikidwa. Mtima wanga udadumpha ndi chimwemwe. Koma nditachotsa maso kutali nkuyang'ana pafupi, ndidaona mapiri ali mbee, zitsa zokhazokha, ndi utsi ukufuka apa ndi apo pamene anthu ankaotcha makala. Titafika pa Golomoti nkulowa msewu wa M5, matumba a makala adali ndandanda m'mbali mwa msewu, ndipo adatiperekeza kudutsa pa Kasinje ndi pa Sharpevale mpaka kwathu. Ndidayamba kuwawerenga, koma ndidalekera panjira. Ndidafunsa woyendetsa uja kuti, "Kodi achimwene, mitengo yonseyi ikatha tidzatani?" Iye adangoseka nati, "Muzolowera, Bambo."

Tsono apa ndiyenera kuulula chinthu chondichititsa manyazi. Matumba amenewo sadayambe ine nditachoka. Adalipo pamene ndinkapita ku seminale, adaliponso tsiku limene ndinkapita kukakwera ndege. Ndidawadutsa kosawerengeka osawaona. Chimene chidasintha pa zaka zinayi zija ndi maso anga basi. Ndidayenera kuoloka nyanja zamchere kuti ndione zimene zidali pamphuno panga.

Mawa lake m'mamawa ndidaona ana aakazi a m'mudzi mwathu akupita ndi zidebe cha kumtsinje, ena a iwo atavala kale yunifolomu ya sukulu. Ndidadabwa, chifukwa mjigo uli pakati penipeni pa mudzi. Mayi adandifotokozera kuti mjigowo udafa dzinja lapitalo, ndipo kuyambira pamenepo anthu akufukula mchenga kumtsinje kuti apeze madzi. Ndidafunsa chimene chidaonongeka. Adandiuza kuti ndi kalabala kakang'ono ka m'kati mwa mpope, kamene mtengo wake sufika ngakhale pa mtengo wa mbuzi. Komiti ya mjigo ilipo. Ndalama anthu ankasonkha mwezi ndi mwezi. Koma msungichuma adanka ku Joni, buku la ndalama adanka nalo, ndipo palibe amene adafuna kuutsa nkhaniyo poopa kudana ndi abale ake. Motero mudzi wathunthu udasankha kuti ana ake azichedwa ku sukulu ndi kumwa madzi a pamchenga, kusiyana ndi kufunsa funso limodzi pabwalo. Nditaonetsa kukwiya, mayi adandigwira dzanja nati, "Mwanawe, wangofika kumene. Uzolowera."

Owerenga okondedwa, mundilole ndikuuzeni chimene chidandigwira mtima kwambiri ku Roma. Anthu amayembekeza kuti nditchula nyumba zazitali za miyala yonyezimira, koma ine ndimatchula madzi. M'misewu ya mzindawo muli timipope tachitsulo totuluka madzi akumwa usana ndi usiku, ndipo munthu aliyense, wolemera kaya wopemphapempha, amamwa osalipira. Adayamba kutiimika m'chaka cha 1874. Kulinso ngalande yakale yotchedwa Aqua Virgo, yotalika pafupifupi makilomita 20, imene idatsegulidwa zaka 19 Khristu asanabadwe, ndipo mpaka lero ikuthira madzi pa kasupe wotchuka wa Trevi. Musaganize kuti ngalandeyo siidaonongekepo. Idagumuka, idatsekeka, ndipo panali nthawi imene madzi ake adachepa zedi. Koma m'badwo uliwonse mudapezeka anthu okana kuzolowera ludzu, monga m'chaka cha 1453 pamene Papa Nicholas V adalamula kuti ikonzedwe. Ngalande ya zaka zoposa 2,000 ikuyenda chifukwa eni ake amakonza. Mjigo wathu wa zaka khumi udaima chifukwa eni ake adazolowera. Kusiyana kwa Roma ndi Bwanje kumene kudandiwawa ndi kumeneku, pakuti sikufuna chuma cha Azungu kuti kuthe.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Ati, "Uyu wabwera ndi chizungu. Wadya buledi zaka zinayi, lero wayamba kunyoza nsima." Sindikuwadzudzula oganiza chotero, chifukwa chigwa chathu chidaonapo obwera ambiri, ndipo ena a iwo adatitopetsa. Kuyambira nthawi imene Atsamunda adakhazikitsa msonkho wa nyumba, amuna a kuno akhala akupita kunja. Njanji imene imadutsa m'chigwa chino idafika ku Salima m'chaka cha 1935, chaka chomwecho chimene mlatho wa pa Zambezi udatsegulidwa, ndipo idanyamula agogo athu ambiri kupita ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Ena adalembedwa ndi Wenela kukakumba golide ku Joni, kufikira mwezi wa Epulo 1974 pamene ndege idagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Boma lidaletsa kulemba anthu kwa kanthawi, kenaka ntchitoyo idayambiranso pansi pa TEBA mpaka 1988. Ena mwa apaulendowo adasanduka matchona. Ena adabwera ndi njinga, makina osokera ndi ndalama za malata, nasintha mabanja awo. Koma padalinso aja obwera ndi chipewa ndi chilankhulo chachilendo, oyamba chiganizo chilichonse ndi mawu akuti "kumene ndinali ine". Mtundu umenewu ulipobe. Umafika ndi madzi a m'botolo, umatseka mphuno pamsika, umawerenga masiku oti ubwerere. Munthu wotere waona dziko koma sadaphunzire kanthu, ndipo mudzi ukamuseka umachita bwino.

Ine sindidabwere kudzanena kuti kunja nkumwamba. Pa siteshoni yaikulu ya sitima ya Termini ndidaona ana a mu Afrika muno akugona pa makatoni m'nyengo yozizira. Ndidamva za nkhalamba zofera m'nyumba zokhazokha, anansi osadziwa kufikira patapita masiku. Ndidakhala m'dziko limene nyanja yake idameza anthu oposa 360 tsiku limodzi, pa 3 Okotobala 2013, pafupi ndi chilumba cha Lampedusa, onsewo ofuna moyo wabwino ku Ulaya. Nawonso a kumeneko ali ndi zawo zimene adazolowera, ndipo mlendo ndiye amaziona.

Maso atsopano omwewa adandionetsanso zokoma za kwathu zimene kale sindinkaziwerengera. Sabata yoyamba kudagwa maliro m'mudzi woyandikana nafe. Ndidaona adzukulu akukumba manda kusanache, amayi akubwera ndi ufa m'mbale ndi nkhuni pamutu, amuna akugona panja usiku wonse pa nyumba ya munthu amene sadali mbale wawo. Palibe amene adalemba kalata yoitana. Ndidakumbukiranso tsiku lina ku Roma pamene ndidaima pa nyumba ya gulu la Sant'Egidio, kumene adakambirana za mtendere wa dziko la Mozambique umene udasainidwa pa 4 Okotobala 1992. Dziko lonse lapansi limatama amene adakhala pa tebulo lija. Koma ndani amatama anthu a boma la Ntcheu, amene m'zaka za nkhondoyo adalandira othawa kwawo miyandamiyanda, nagawana nawo minda, zitsime ndi nkhuni? Dziko lathu losaukali lidasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Anthu otha kuchita zazikulu chotere asandinamize kuti kalabala ka mjigo kawakanika.

Pamenepa mpofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene timazisokoneza, kupirira ndi kuzolowera. Wopirira amadziwa kuti chinthu chalakwika. Amasenza katundu wake chifukwa lero alibe pomutula, koma maso ake amafunafuna potulira. Wozolowera adaleka kudziwa kuti wasenza kanthu. Kupirira ndi mphamvu ya makolo athu, ndipo ndimaivulira chipewa. Kuzolowera ndi khungu limene munthu amadzipatsa yekha kuti mtima usamuvute. Choipa nchakuti khunguli timalipatsa maina aulemu. Timati nkudzichepetsa, timati nkusunga mtendere, ndipo nthawi zina timafika ponena kuti nchifuniro cha Mulungu, ngati kuti Mulungu ndiye adathawa ndi buku la komiti.

Ena adzanditsutsa ndi mfundo yolemera koposa. Adzati, "Bambo, inu njala simuidziwa. Wootcha makala sadana ndi mitengo, akufuna chakudya cha ana ake." Izi nzoona, ndipo ndikuzivomera ndi mtima wonse. M'mwezi wa Novembala 2023 ndalama yathu ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, mitengo ya feteleza ndi chimanga nkukwera. M'mwezi wa Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala. Munthu amene munda wake wapsa, thonje lake agula motchipa, ndipo ana akulira, adzakwera phiri ndi nkhwangwa ngakhale mutamulalikira chaka chathunthu. Chala changa sichikuloza iye.

Chikuloza ife ogula. Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira magetsi a ESCOM, ndipo mabanja oposa 90 pa 100 amaphikira nkhuni kapena makala. Makala a m'mbali mwa msewu wathu sathera ku Bwanje. Amakwera magalimoto kupita m'matauni, kukaphikira anthu a malipiro, ophunzira, odziwa bwino lomwe chimene chikuchitikira mapiri. Ndisabise: nditalowa m'khitchini ya nyumba imene ndikukhala, ndidapeza thumba la makala lili pakona, ndipo tiyi amene ndidamwa ndikudandaula za mitengo adawira pa makala omwewo. Lamulo la nkhalango lilipo kuyambira 1997, ndipo lidakhwimitsidwa mu 2020. Koma lamulo likamagwira wa njinga yekha, mwini lole ndi wogula nkumagona tulo tabwino, ndiye kuti tavomereza kuti wosauka azisenza tchimo la tonse.

Ndipo malipiro ake amabwerera kwa yemweyo wosauka. Phiri likavulidwa, mvula siilowa pansi. Imathamanga ndi dothi, imakumba zigwembe m'minda, imadzaza mitsinje ndi mchenga, kotero kuti mtsinje umene umasefukira mu Januwale umakhala utauma pofika Ogasiti. Kumunsi kwa chigwa chino, cha ku Mtakataka, kuli sikimu ya ulimi wothirira ya mahekitala 800 yotchedwa ndi dzina la Bwanje, imene idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan pa mtsinje wa Namikokwe. Patangopita zaka zochepa chiitsegulireni, madzi osefukira adaononga pamene ngalande zake zimayambira, ndipo padafunika ntchito ina yaikulu yokonza. Mlimi wa mpunga wa kumunsi ndi wootcha makala wa kumtunda mwina sadziwana, koma nkhwangwa ya mmodzi imafika m'munda mwa mnzake.

Chimene chidandikakamiza kulemba, komabe, ndi mwana wa mlongo wanga. Mnyamatayu adakhoza bwino mayeso a Fomu 4, ndipo zaka ziwiri zapita akupalasa kabaza. Usiku wina adandipeza pakhonde, nakhala pansi mwaulemu, nati, "Amalume, inu mwayenda, mukudziwa anthu. Mundipezere njira ndichoke. Kaya ku Joni, kaya ku Israel, kulikonse. Kuno kulibe chimene chidzasinthe." Akudziwa bwino za Amalawi amene adathamangitsidwa ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, nabwera pa mabasi manja ali m'khosi. Akudziwa kuti achinyamata amene adayamba kupita ku minda ya ku Israel mu Novembala 2023 adapita ku dziko la nkhondo. Zonsezi sizikumuopsa monga momwe kukhala kuno kukumuopsera.

Ndidagona ndikulingalira mawu ake, ndipo ndidazindikira kuti adawaphunzira kwa ife. Mwana amene wakula akumva akulu akunena kuti "ndi mmene zimakhalira kuno" timamusiyira njira ziwiri zokha: azolowere kapena athawe. Ofooka amazolowera, amphamvu amathawa, ndipo mudzi umatsala ndi nkhalamba ndi makanda. Tikamadandaula kuti achinyamata athu atha kupita kunja, tikumbukire kuti tidawapatsa kamba wa paulendo ndife, tsiku lija tidawatuma kukatunga madzi pamchenga mjigo uli pakhomo. Ine sindingamuletse kupita, pakuti nanenso ndidapita, ndipo kuyenda nkuona. Ndidangomupempha kuti akapita adzabwere, ndipo akadzabwera asadzalole munthu kumutseka maso.

Tidzifunsenso kuti mawu akuti "muzolowera" amapindulira yani. Amapindulira msungichuma wothawa ndi ndalama za mjigo. Amapindulira wogula mbewu wa sikelo yobera. Amapindulira wandale amene amaoneka kamodzi pa zaka zisanu ndi nsalu ndi timakobidi, podziwa kuti anthu ozolowera safunsa za mlatho umene adalonjeza. Mbiri ya dziko lathu lomweli ikutiphunzitsa kuti zinthu zimasintha tsiku limene wina wakana kuzolowera. Kwa zaka pafupifupi 30 Amalawi adazolowera kulankhula monong'ona ndi kugula khadi la chipani asanalowe mumsika. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi idawerengedwa m'matchalitchi, yonena poyera zimene aliyense ankazidziwa kale, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu adavotera ndale za zipani zambiri. Kalatayo siidaulule chinsinsi chilichonse. Idangotchula dzina la chinthu chimene anthu adaleka kuchiona.

Akale adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mwana wa pakhomo wobwera kuchokera kutali ndi mlendo wa masiku owerengeka, ndipo kalumo kake kamabuntha msanga. Nchifukwa chake ndikupempha mbali zonse ziwiri. Inu a kumudzi, mwana wanu akabwera kuchokera ku Joni, ku Harare, ku Ulaya ngakhale ku Lilongwe komweku, nayamba kufunsa mafunso okwiyitsa, musafulumire kumuseka. Mufunseni kuti waona chiyani, pakuti akuona zimene inu mudaziona kale musanatope. Ndipo inu obwera, tengerani chitsanzo kwa Nehemiya wa m'Malembo, amene adasiya ntchito yabwino ku nyumba ya mfumu ku Susa nabwerera ku mzinda wa makolo ake. Adakhala masiku atatu osanena kanthu. Adayendera malinga ogumuka usiku, osaimba lipenga. Atatha kuona zonse ndi pamene adaitana anthu, ndipo polankhula adadziwerengera pamodzi nawo m'tsoka lawo. Ntchito itayamba, ambiri adakonza chigawo choyang'anana ndi nyumba zawo. Wobwera amene amati "inu anthu a kuno" ndi mlendo wodutsa. Amene amati "ife" ndiye wabweradi.

Za mjigo uja zidatha motere. Ndidapita kwa a mfumu monga mwana wa m'mudzi, ndidakhala pansi, ndipo ndidapempha kuti nkhaniyo ikambidwe pabwalo. Tsiku la msonkhano anthu adayamba ndi kuyang'ana pansi. Kenaka gogo wina wamkazi, amene sadapiteko ngakhale ku Blantyre, adaimirira nanena zonse zimene ine ndinkaopa kunena, mosapsatira ndiponso bwino koposa mmene ndikadanenera. Pamenepo ndidadziwa kuti maso adali nawo nthawi yonseyi, chimene ankasowa ndi bwalo. Anthu adasonkha, adasankha amayi awiri kuti azisunga buku ndi kuliwerenga poyera mwezi uliwonse, mmisiri adabwera, ndipo patapita masabata awiri madzi adatuluka. Palibe bungwe lakunja limene lidaitanidwa.

Musaganize kuti ndikudzitama. Mjigo umodzi si chigwa chonse, mapiri akali mbee, ndipo mwana wa mlongo wanga akali kufunsa za pasipoti. Chimene chikundiopsa kwambiri ndi china. Sabata yatha ndinkachokera ku Mua pa galimoto, ndipo nditadutsa pa Sharpevale ndidadzidzimuka pozindikira kuti ndayenda ulendo wonsewo osaona thumba la makala ndi limodzi lomwe. Matumbawo adalipo, ndandanda monga kale. Miyezi isanu ndi umodzi yokha yapita, ndipo ulosi wa woyendetsa galimoto uja wayamba kale kukwaniridwa pa ine. Ndalemba izi msanga, kalumo kasanabunthiretu, kuti tsiku limene mudzandimve ndikuuza mnyamata wobwera kumene kuti "uzolowera", mudzanditulutsire tsamba lino ndi kundiwerengera pamaso pa anthu.